Masamu Sanyansidwa ndi Munthu

Tsiku lina ndikumetedwa pafupi ndi depoti ya Balaka, tinakambirana za anyamata odzibaya mankhwala ozunguza bongo. Bambo wina wachikulire anagamula mwachidule: "Asiyeni afe, anachifuna okha." Tonse tinagwedeza mutu. Inenso ndinagwedeza, ndisaname.

Koma usiku tulo sitinabwere, chifukwa ndimadziwa kuti masamu amatsutsa chigamulo chimenecho.

Matenda otupa chiwindi a mtundu wa C amayenda m'magazi, ndipo jakisoni wobwerekana ndiye mlatho wake. Mu 2011 akatswiri a ku Bristol, Natasha Martin ndi Peter Vickerman pamodzi ndi anzawo, anaika anthu odzibaya m'magulu papepala: amene sanatenge, amene atenga, amene ali pamankhwala. Atawerengera, anapeza kuti kuchiza ngakhale ochepa mwa amene akadali kudzibaya kumatsitsa matendawa pagulu lonse, poti wochira alibe kachilombo kopatsira mnzake. Lerotu mapilisi a masabata 12 amachiza ambiri.

Ndiye taganizani, awerengi. Mapilisi ndi ochepa, pamzere pali mayi wopemphera amene anatenga mosadziwa, ndi mnyamata amene mudzi wonse unamutaya. Mtima ukuti yambani ndi mayi. Masamu akuti musamudumphe mnyamatayo, pakuti kumbuyo kwake kuli anthu ena amene sanadwale. Kodi chilungamo chili kwa amene ali pamaso pathu, kapena kwa amene sitikuwaona?

Ine ndakakamira ndakatulo moyo wanga wonse, ndipo ndinkati manambala alibe chifundo. Pano ndikukayika. Nambala sifunsa kuti unabwera bwanji, sikwinya nkhope ngati ife.

Kuno kwathu wovuta kwambiri ndi mtundu wa B, umene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002. Ife obadwa kale sitinabayidwe. Lezala limodzi lotemera mphini, kaya kuno kaya ku Machinga, lingathe kuchita zomwe jakisoni amachita. Nanga tikusiyana pati ndi mnyamata uja?

Komabe masamuwo ali ndi chilema: amawerenga okhawo amene aonekera. Bungwe la WHO mu 2016 linati pofika 2030 otenga kumene achepe ndi 90 pa 100 alionse. Koma munthu woopa apolisi ndi miseche sabwera kudzawerengedwa.

Wometa uja anapukuta makina ake ndi sipiriti, n'kuitana wotsatira. Anali bambo aja.