Kodi Liwongo la Kupereka Bwenzi Lingachotsedwe Motani?

M'NYENGO yachisanu ya 1975, anyamata a mu Kabul, likulu la Afghanistan, anali kupikisana kuulutsa makaiti. Zingwe zinapakidwa magalasi opera kuti zidulane m'mwamba, ndipo kaiti yomalizira kugwa ndiyo inali mphotho yaikulu. Pamenepa mpamene pagona nkhani ya m'buku lanthano lotchedwa The Kite Runner, limene Khaled Hosseini, dokotala wobadwira mu Kabul, anatulutsa mu 2003. Anthu ake ngopeka, koma funso limene bukulo limadzutsa nlenileni.

Amir, mwana wa munthu wachuma wa fuko la Pashtun, anakulira pabwalo limodzi ndi Hassan, mwana wa wantchito wawo wa fuko lonyozedwa la Hazara. Tsikulo Amir anapambana, ndipo Hassan anathamangira kaitiyo kuti akampatse. Anyamata atatu ankhanza anamtsekereza m'kanjira kobisika. Atakana kuwapatsa kaitiyo, mtsogoleri wawo, Assef, anamchita zonyansa mokakamiza. Amir anawona ali chapatali, nathaŵa. Mtima wake unali pa kukafika kwa atate wake kaiti ili m'manja.

Kukhulupirika Kumene Kunabisa Tchimo

Mantha a mnyamata wazaka 12 ngomveka. Ngakhale atumwi, amuna aakulu, anathaŵa usiku umene Yesu anagwidwa. (Marko 14:50) Choipa chachikulu chinadza pambuyo pake. Nkhope ya Hassan inakhala mboni yotsutsa Amir tsiku ndi tsiku. Nthaŵi ina anamgenda ndi makangaza, akumamchonderera kuti abwezere, koma Hassan anangotola khangaza nadziphwanyira pamphumi. Potsirizira pake, Amir anabisa wotchi yake ndi ndalama pansi pa matiresi a Hassan namnamizira kuba. Hassan anavomera mlandu umene sanapalamule, ndipo iye ndi Ali, amene anamlera, anachoka panyumbapo.

Oŵerenga ambiri amatama Hassan kaamba ka zimenezi. Koma kodi bodzalo linathandiza yani? Linasiya Amir yekhayekha ndi tchimo lake, popanda womdzudzula, pamene Miyambo 27:6 imasonyeza kuti bala lochokera kwa bwenzi lenileni limachiritsa. Komabe, nkosayenera kuŵeruza Hassan mouma mtima. Kaŵirikaŵiri munthu wapansi amakhala chete chifukwa chakuti alibe polankhulira. Wokhala ndi mpata wolankhula anali Amir. Jonatani, mwana wa mfumu, anali ndi mpata wonga umenewo, ndipo anaikira kumbuyo Davide pamaso pa Sauli kufikira atate wakewo anamponyera mkondo.—1 Samueli 20:32, 33.

Kodi Kuvutika Kumalipira Tchimo?

Mu 1981, asilikali a Soviet Union ali m'dzikomo, Amir ndi atate wake anathaŵa nakakhala ku California. Iye anakwatira nakhala mlembi wa mabuku, koma kanjira kaja sikanachoke m'maganizo mwake. Abale a Yosefe anali otero. Patapita zaka zoposa 20, tsoka litawagwera mu Igupto, choyamba kukumbukira chinali kulira kwa mng'ono wawo amene anamgulitsa.—Genesis 42:21.

Mu 2001, bwenzi lakale la banjalo, Rahim Khan, linaitanira Amir ku Pakistan ndi kumuuza kuti Hassan ndi mkazi wake anaphedwa ndi a Taliban, akumasiya mwana wotchedwa Sohrab. Linaululanso kuti Hassan anali mwana wa atate wake a Amir. Mwamuna amene anaphunzitsa mwana wake kuti tchimo lililonse ndilo kuba anali atabera ana ake aŵiri chowonadi! Amir anabwerera ku Kabul napeza mnyamatayo ali m'manja mwa Assef yemwe uja. Pomenyedwa kufikira nthiti kuthyoka, iye anaseka, akumamva ngati kuti wachira.

Mpumulo umenewo suli kulapa. Nkhonya za Assef sizinabwezere kalikonse kwa Hassan. Yudase nayenso anamva chisoni, nabweza ndalama 30 zasiliva, nadzilanga yekha ndi imfa. (Mateyu 27:3-5) Petro analira moŵaŵidwa mtima, koma anabwerera kwa Mbuye wake nalandira ntchito ya kudyetsa nkhosa. (Yohane 21:15-17) Paulo anasiyanitsa mitundu iŵiri imeneyi ya chisoni pa 2 Akorinto 7:10. Kutembenuka kwa Amir kukuwonekera bwino m'zinthu zosachititsa kaso kwenikweni: anaulula zonse kwa mkazi wake Soraya, anatenga Sohrab kukhala mwana wake, ndipo analetsa mpongozi wake kutcha mnyamatayo ndi dzina la fuko lake monyoza. Ngakhale pamenepo bala silinapole msanga, pakuti Sohrab anakhala miyezi yambiri wosalankhula.

Davide nayenso anaika mwana wa bwenzi lake lakufa, Mefiboseti, pagome lake. (2 Samueli 9:7) Koma iye anali kusunga pangano limene sanaliswe. Amir anali kulipira ngongole kwa mwana chifukwa chakuti mwini ngongoleyo kunalibenso. Yesu analangiza wolambira kusiya mtulo wake paguwa la nsembe ndi kuyamba wakayanjana ndi mbale wake. (Mateyu 5:23, 24) Amir anazengereza zaka 26. M'zakazo Hassan, amene paubwana Amir anali kumseka kaamba ka kusadziŵa kuŵerenga, anaphunzira kulemba namlembera kalata yaubwenzi, yopanda liwu lililonse lachidzudzulo. Kalatayo inafika m'manja mwa Amir wolembayo ataphedwa kale.