Kodi thengo liri ndi mwini?

Munthu akatentha nkhokwe ya mnzace, mudzi wonse umasonkhana, mlandu umazengedwa, wolakwa nkulipira. Koma munthu yemweyo akaponya moto m'thengo kuti agwire mbewa, nkupsereza dera lonse kufikira kumtsinje, palibe womfunsa. Timangoti thengo lilibe mwini. Abale, tiyeni tiwayese bwino mau amenewa, pakuti ana athu kusukulu amamva zina.

Pamene Armando Guebuza anali mtsogoleri wa dziko la Moçambique, kuyambira 2005 mpaka 2015, boma lidapempha kuti mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo wace, ndi kuti mfumu iliyonse isunge nkhalango ya anthu ace. Pa Cipwitikizi ankati "Um aluno, uma planta" ndiponso "Um líder, uma floresta". Kubzala sikubvuta, cifukwa pa dzinja dothi ndi lofewa ndipo mbvula imathirira yokha. Bvuto limadza m'cilimwe, udzu utauma, mbuzi zikuyenda zopanda mbusa. Moto wa nyengo imeneyo ndi waukali, umapha timitengo tonse tating'ono. Tsono mwana amene adatunga madzi miyezi yambiri, nachinga mbande yace ndi minga, aganiza ciani akaona kuti woyatsa motowo ndi atate ace kapena atsibweni ace? Aphunzira kuti mau a mphunzitsi ndi a m'kalasi mokha, kumudzi alibe nchito.

Wina adzati: "Ine sindidabe ca munthu." Koma tawerengani amene amadya za m'thengo. Alipo mai wotola nkhuni, bowa ndi masuku. Alipo mwini ming'oma ya njuci. Alipo mlimi wa fodya wa ku Mandimba wofuna mitengo ya cigafa. Alipo msodzi wa pa nyanja ya Amaramba, pakuti dothi lokokoloka pa mtunda wopanda mitengo limakathera m'madzi. Aliponso ana amene sanabadwe, amene sangabwere pabwalo kudzadandaula. Eni ace a thengo ndi ambiri cotere, ndipo wolitentha walakwira onsewo nthawi imodzi. Boma nalo lidabvomereza kuti anthu a m'midzi ali ndi gawo pa nkhalango: m'caka ca 2002 lidalamula kuti pa ndalama 100 zilizonse za msonkho wodulira mitengo ya matabwa, 20 zizibwerera kwa anthu a m'deralo. Ku Sanga, m'cigawo cathu comwe cino ca Niassa, anthu adacha nchito yao yosunga thengo Chipanje Chetu, ndiye kuti cuma cathu pa Ciyao.

Winanso adzati: "Ndine mmphawi. Ndikaleka kuocha makala, ana anga adya ciani?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo munthu wokhuta asalipeputse. Matumba a makala amene timaona pa mseu wa ku Cuamba ndiwo agulira ena mcere, sopo ndi makope. Kudula mtengo cifukwa ca kusowa si kuipa mtima. Koma kutenga nkwina, kuononga nkwina. Wotenga amadula zimene akufuna, nasiya mitengo ya zipatso ndi ya m'mbali mwa mtsinje. Amasiyanso citsa, pakuti mombo ndi tsamba zimaphukira pa citsa ngati moto suzipsereza caka ndi caka. Woononga amapsereza phiri lathunthu cifukwa ca mbewa zodzaza dzanja limodzi. Woyambayo ali ndi ngongole imene angathe kubweza. Waciwiriyo wataya cuma ca eni, iye osapindula kanthu. Papa Francisco, m'kalata yace Laudato si' ya 2015, adaphunzitsa kuti dziko likaonongeka oyamba kubvutika ndi amphawi. Ndi zoona: wolemera amagula nkhuni, mkazi wa mmphawi ndiye amayenda ulendo wautali kukazifuna.

Cifukwa cace nchito ya ana kusukulu isakhale ya ana okha. Gulu la ana likabzala mbawa kapena mango, makolo alambule njira yochinga moto udzu usanaume. Eni mbuzi azimangirire. Mfumu ndi akuluakulu agwirizane za malo osadulidwa ndi za cilango ca woyatsa moto, monga amacitira ndi wotentha nkhokwe. Ndipo mwana akakudzudzulani mwaulemu pa nkhani ya moto, musamkalipire kuti wacita mwano. Wanena zimene inu nomwe mudamtuma kukaphunzira.

Mafunso

1. M'mudzi mwanu, ndani amapeza cakudya kapena ndalama m'thengo?
2. Kodi kutenga ndi kuononga zisiyana bwanji?
3. Mwa mitengo imene ana adabzala pa dzinja lapitali, yatsala ingati? Ina idafa ndi ciani?