Kodi Pemphero Lingasinthe Khadi Lomwe Lili Pamwamba?



Mwina munamvapo wokhulupirira mnzathu akuti, "Ndinapemphera ndisanabetche, ndiye Mulungu adziwa." Mwina munanenapo ndinu. Sabata ino tiyeni tione ngati chimenechi ndi chikhulupiriro. Tiyese ndi njuga ya makhadi yotchedwa draw poker, chifukwa masamu ake ndi osabisika.

Makhadi onse ndi 52, a mitundu inayi, mtundu uliwonse 13. Wosewera amalandira makhadi 5. Amaloledwa kutaya amene sakuwafuna ndi kutenga ena pamulu. Tinene kuti mwagwira makhadi anayi a mtima ndi limodzi la mtundu wina. Mukataya limodzilo n'kupeza la mtima, muli ndi flush, dzanja lamphamvu. Mtima wanu uyamba kugunda: "Latsala limodzi chabe!"

Manje tiwerenge. Makhadi amene simunawaone ndi 47. A mtima otsala ndi 9. Ena 38 sakuthandizani. Ndiye kuti mudzalipeza pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ngati mwagwira 5, 6, 8 ndi 9 ndipo mukufuna 7 wapakati, okuthandizani ndi 4 okha pa 47, pafupifupi kamodzi pa maulendo 12.

Tiikepo ndalama. Patebulo pali K100, ndipo kuti mupitirize muyenera kuponyapo K50. Mukachita zimenezi kasanu mwatulutsa K250. Mukawina kamodzi mutenga K150. K100 yapita, olo mupemphere bwanji. Ndipo K100 imeneyo siinagwe kumwamba. Yachoka pa lendi, pa thumba la unga, pa nsapato za mwana.

Wina anganene kuti, "Nanga Mulungu sangathe kusintha khadi?" Angathe, palibe chomulaka. Koma funsani: analonjeza kuti adzatero? Chikhulupiriro chimagwira chimene Mulungu wanena. Pa njuga mumagwira chimene mtima wanu ukulakalaka, kenako mukuitana Mulungu kuti asaine. Kumbukirani pa Mateyu 4, Satana atakweza Yesu pamwamba pa kachisi n'kumuuza kuti adziponye pansi. Anatchulanso Malemba. Yesu anakana, chifukwa kudziika pangozi dala kuti Mulungu akuwombole ndi kumuyesa.

Palinso china. Patebulo paja, chimene mwawina chachoka m'thumba la munthu amene wakhala pafupi nanu. Mukamapempherera khadi lanu, mukupempha kuti ana ake agone ndi njala. Nayenso mwina akupemphera chimodzimodzi. Mlimi wa ku Chipata akapempherera mvula, imagwanso m'munda wa mnansi wake. Pemphero la pa njuga lilibe madalitso otere.

Ambiri a ife sitinakhalepo patebulo la poker, koma foni ili m'manja mwanuyi imatha kukhala tebulo lomwelo. Tikiti ya mpira imene yafa ndi timu imodzi imanong'oneza mawu omwe aja: "Unatsala pang'ono, yesanso." Kutsala pang'ono sikusintha masamu a mawa.

Ngati njuga yakugwirani, musachite manyazi kulankhula. Uzani mkazi wanu kapena mwamuna wanu ndalama zenizeni zimene zapita. Pezani abusa kapena mkulu wa mpingo mupemphere pamodzi. Chotsani app ija lero, malipiro asanalowe.

Ambuye adalitse ntchito ya manja anu sabata ino. Amen.