Mpopi Umodzi Sukwana, Tsegulani Wina!

Tiyeni tikambe za Singapore. Ndi kachilumba kakang'ono, kongopitirira pang'ono masikweya kilomita 700, koma kakusunga anthu pafupifupi 6 miliyoni. Kulibe mtsinje waukulu. Mvula imagwa yambiri ndithu, koma malo oisungira n'ngochepa, ndipo mbali zonse n'kunyanja ya mchere. Komatu lero munthu wa kumeneko amatsegula mpopi n'kumwa pompo, osawiritsa. Zinatheka bwanji? Khama. Khama basi!

Poyamba kunali kolimba. Mu 1963 kunagwa chilala, ndipo kwa miyezi khumi madzi ankabwera mogawira. Pomwe Singapore inkapatukana ndi Malaysia mu 1965, madzi ake ambiri ankachokera ku Johor, kutsidya ku Malaysia, malinga ndi mapangano a 1961 ndi 1962. Pangano loyamba linatha mu 2011, lachiwiri lidzatha mu 2061. Taganizani, moyo wa mtundu wonse kudalira madzi a m'dziko la eni!

Akanatha kugwira njakata n'kumangodandaula. Sanatero. Anati mpopi umodzi sukwana, tiwonjezere wina. Atatero anawonjezeranso wina. Lero bungwe lawo loona za madzi, PUB, limanena za mipopi inayi ya dziko, ndipo wa ku Johor uja wangokhala umodzi mwa inayiyo.

Wina ndi mvula. Koma mvula yogwera pa zinyalala siimweka, choncho anayamba n'kusesa. Mu 1977 Lee Kuan Yew, yemwe anali nduna yaikulu, anati mtsinje wa Singapore, womwe unkanunkha koopsa, uyere m'zaka khumi. Anasamutsa makola a nkhumba. Ogulitsa zakudya m'misewu anawamangira misika yokhala ndi madzi. Pofika 1987 mtsinje unayera, nsomba zinabwerera. Zaka khumi zathunthu, osagwa ulesi! Mu 2008 anatsegula Marina Barrage, chikhoma chotchinga pomwe mtsinje umathira m'nyanja: madzi amchere kunja, amvula mkati, damu pakati penipeni pa mzinda. Lero ali ndi madamu 17, ndipo magawo awiri mwa atatu a dziko lonse amakolola mvula. Ngalande za mvula pazokha, mapaipi a zonyansa paokha, sizikumana.

Winanso ndi womwe ambiri akanaukana: madzi ogwira kale ntchito. A kubafa, a m'sinki, ngakhale a kuchimbudzi. Anayesa kuwayeretsa mu 1974, koma makina a nthawiyo anali odula ndi osadalirika. Anaimitsa. Anaimitsa, koma sanataye! Patapita zaka zoposa makumi awiri, luso litapita patsogolo, anabwereranso. Madziwo amadutsa m'masefa a timabowo tosaoneka ndi maso, kenako m'njira ya reverse osmosis, pomaliza kuwala kwa ultraviolet kumapha tizilombo totsala. Anawatcha NEWater. Mu 2002, pa chikondwerero cha tsiku la ufulu, anthu analandira mabotolo ake, ndipo nduna yaikulu Goh Chok Tong anamwa nawo pagulu. Ambiri mwa madziwa amapita kumafakitale ofuna madzi oyera kwambiri, ena amathiridwa m'madamu nthawi yopanda mvula. Dontho lomwelo limagwira ntchito, n'kubwerera, n'kugwiranso.

Wotsiriza ndi nyanja yomwe ija. Mu 2005 anatsegula ku Tuas fakitale yoyamba yochotsa mchere m'madzi, ndipo lero alipo asanu. Amadya magetsi ambiri, inde, koma sadikira mitambo.

Musaganize kuti zonsezi ndi za mainjiniya okha. Anthu wamba anagwirapo. Mu 2003 munthu mmodzi ankagwiritsa ntchito malita 165 pa tsiku pakhomo. Pofika 2019 anatsika kufika pa 141, ndipo akulinga pa 130 pofika 2030. Kutseka mpopi potsuka mano. Kufupikitsa kusamba. Kukonza podontha lero lomwe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha!

Tsono tidziyang'ane ife. Iwo amalimbana ndi mchere, ife a ku Malawi tili ndi nyanja ya madzi abwino ndi mtsinje wa Shire. Tili ndi dzinja chaka ndi chaka. Tili ndi madenga a malata. Tili ndi migolo, makasu ndi manja. Tili ndi achinyamata ozitsata za sayansi ndi uinjiniya. Chofunika chili kale pakhomo pathu!

Muli ndi mjigo umodzi pamudzi? Sonkhani ya zipangizo usanawonongeke. Mumadalira kiyosiki imodzi? Tcherani mgolo pansi pa denga, mvula yoyamba itsuke malata, yotsatirayo musunge. Madzi otsukira masamba ndi mpunga, thirirani dimba. Mwaona paipi yaphulika m'msewu? Nenani lero, osati mawa. Mtsinje wodutsa kwanu si dzala: chotsani mapulasitiki, bzalani mitengo m'mbali mwake, lekani kulima mpaka m'gombe. Aphunzitsi, yambitsani kalabu ya madzi pasukulu. A mpingo, a mzikiti, denga lanu lalikululo likhoza kudzaza thanki. Amfumu, itanani msonkhano sabata ino.

Mwina muyesa, osatheka. Yesaninso. Mwina zitenga zaka. Zitenge! Mtsinje wa Singapore sunayere m'sabata imodzi, ndipo amene anauyeretsa anali anthu ngati inu ndi ine.

Tiyambe ndi denga lathu. Tiyambe ndi mjigo wathu. Tiyambe ndi mtsinje wathu. Dzukani, anzanga, mvula ikubwerayi isatipeze opanda posungira!