Loto la Matanga: Kulimba Mtima Kapena Kudzikuza?

Masiku apitawa tinacheza ndi mnyamata wina, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale ya kumtunda, amene anabadwira ndi kukulira kutali ndi madzi. Pa ulendo wa ana a sukulu anafika ku Senga Bay, ndipo kumeneko anaona kwa nthawi yoyamba bwato la thanga likutsetsereka pamadzi popanda injini, popanda nkhafi. Chibwerere kumeneko mtima wake sunakhale pansi. Akuti afuna kuphunzira kuyendetsa bwato lotere, kuti tsiku lina adzanyamuke ku Monkey Bay, nalondola gombe lonse la kumadzulo kwa nyanja, mpaka kukaponya nangula ku Karonga. Kusambira sadziwa kwenikweni, tsigiro sanaligwirepo, ndipo malipiro ake a mwezi sangagule ngakhale mlongoti. Anzake akumseka; amayi ake akuti mwina walodzedwa. Ndipo anatifunsa nati: "Bambo, kodi n'kulakwa kulota chinthu chimene chandikulira msinkhu?"

Funso limeneli si la amalinyero okha. Ndi la mtsikana wofuna udokotala m'mudzi mmene simunatulukepo namwino, ndi la mlimi wofuna kukumba damu ndi khasu lake, ndi la aliyense amene waona chinthu chokoma patali, mtima nuyamba kumkoka. Ife amene timafunsidwa tiri ndi mayankho awiri apafupi. Loyamba ndi kuseka: "Iwe, khala pansi, zimenezo n'za eni ake." Lachiwiri ndi kusyasyalika: "Pita, ukangofuna ndi mtima wonse zitheka." Mayankho onse awiriwa ngaulesi, chifukwa satifuna ife kuti tidziwe kanthu za nyanja kapena za munthu wofunsayo. Tiyeni tsono tiyambe ndi nyanja.

Nyanja ya Malawi njaitali makilomita oposa 560, ndipo pamalo ozama kwambiri, chakumpoto, imafika mamita 700. Wolondola gombe la kumadzulo amadutsa ku Senga Bay, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche, kumene kuli mchenga wambiri wokocheza. Koma akapitirira Nkhata Bay, kulowera ku Usisya ndi Ruarwe, mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni, ndipo malo obisalako mphepo amasowa. Asodzi amazidziwa mphepo za nyanjayi ndi maina ake monga tidziwira anansi athu: mpoto wochokera kumpoto, vuma wochokera kum'mawa, ndi mwera wa miyezi yozizira, umene umaomba kuchokera kumwera masiku angapo osaleka. Popeza mwera umayenda motsata utali wa nyanja, umapeza danga lokwanira lokuza mafunde. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, yokhala ndi amalinyero ophunzira, inagubuduzika m'mphepo yamkuntho pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kulichete. Madzi amenewo ndiwo mnyamata wathu afuna kuwayendera ndi nsalu yomangirira kumtengo.

Iye anatiyankha kuti alibe mantha, pakuti sadzapita pakati pa nyanja. Adzangoyenda chapafupi ndi gombe, mtunda ukuoneka. Apa mpamene woyamba aliyense amanyengeka. Munthu wakumtunda amayesa kuti mtunda ndi bwenzi ndipo madzi akuya ndi mdani. Koma amalinyero amadziwa kuti mabwato ambiri amasweka ndi mtunda. Pakuya bwato limakwera funde nkutsika. Pamene madzi achepa mpamene funde limatukuka nkusweka, ndipo pomwepo mpamene pali miyala. Mphepo ikamaomba kuchokera m'nyanja kulowera kugombe, monga achitira vuma ndi mwera m'malo ambiri a gombe la kumadzulo, bwato limakankhidwira kumene lingaphwanyike. M'chaka cha 1861 David Livingstone, poyenda m'gombe lomweli ndi kabwato ka matabwa, anapezana ndi namondwe, ndipo anakhala pa nangula maola 6 mtunda ukuoneka, osatha kupita patsogolo, osatha kukocheza. Pa ulendo umenewo anabwerera asanaone malekezero a nyanja kumpoto. Motero chimene chimatonthoza maso a wosadziwa ndicho chimene wodziwa amachiopa, ndipo phunziro loyamba la luso lirilonse ndi kuzindikira kuti mantha athu akhala pamalo olakwika.

Nanga kuphunzirako kuli ndi zotani? Tikazindandalika zimakhumudwitsa wolota, chifukwa nzazing'ono. Ayenera kudziwa kusambira atavala zovala. Ayenera kumanga mfundo zimene sizimasuka zokha koma zimamasuka msanga zikafunika. Ayenera kugubuduza bwato dala pamadzi osaya, naphunzira kulidzutsa, kufikira thupi litaleka kunjenjemera. Ayenera kuphunzira kuchepetsa thanga mphepo isanakule, pakuti ikakula manja sathanso. Koposa zonse ayenera kuvomera kuti bwato la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Ngati doko liri kumeneko, mmalinyero amayenda chopingasa, kulowera kumanzere, kenaka kumanja, kenaka kumanzerenso, natalikitsa njira kuti afike. Woonera ali pamtunda amayesa kuti wasokera, pamene iye ndiye akuyenda njira yokhayo imene iripo.

Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale, anaphunzitsa kuti luso ndi makhalidwe abwino zimabwera m'njira imodzi: timakhala omanga nyumba pomanga nyumba, timakhala olungama pochita zolungama, kawirikawiri, mpaka zitalowa m'magazi. Makolo athu ananena chomwecho mwachidule: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo Thomas Aquinas, potsata Aristotle yemweyo, anati kufuna zinthu zazikulu ndi khalidwe labwino, limene tingalitche kukula mtima, koma liri ndi maenje mbali zonse ziwiri. Dzenje lina ndi kudzikuza, kumene munthu amasenza chimene mphamvu zake sizingathe. Dzenje linalo ndi kudzichepsa kwabodza, kumene munthu amakana chimene akanatha, chifukwa cha mantha kapena ulesi, nachitcha kufatsa. Tikayang'ana bwino, anzake a mnyamata uja amene akumseka akumkankhira m'dzenje lachiwiri, ndipo amene akanamuombera m'manja akanamkankhira m'loyamba.

Komabe funso likadalipo: tidzazindikira bwanji kuti loto lakuti ndi kukula mtima ndipo lakuti ndi kudzikuza, poti poyamba onse awiri amaoneka chimodzimodzi? Kuti tiyankhe, tichoke kaye pa nyanja yathu, tipite ku nyanja zamchere, kumene kunachitika nkhani yodziwika bwino ya anthu awiri olota.

M'chaka cha 1968 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku Britain inakonza mpikisano wozungulira dziko lonse lapansi pa bwato la matanga, munthu ali yekha, osakocheza paliponse. Ananyamuka anthu 9. Mmodzi mwa iwo anali Chay Blyth, msilikali wolimba amene anali atapalasapo bwato kuoloka nyanja ya Atlantic ndi mnzake m'chaka cha 1966, koma za matanga sankadziwa. Tsiku lonyamuka anzake anachita kumtsogolera ndi bwato lina kuti aziona mmene akuchitira. Anapirira mpaka anapitirira nsonga ya kumwera kwa Africa, koma ataona kuti bwato lake silingathe mafunde a kumeneko, analowa pa doko la East London ku South Africa, nasiya mpikisano pamaso pa anthu onse. Anabwerera kwao, nakonzekanso, napeza bwato loyenera, ndipo pakati pa 1970 ndi 1971 anazungulira dziko lapansi yekha, osaima, molimbana ndi mphepo, m'masiku 292.

Wina anali Donald Crowhurst, mwini kabizinesi ka zipangizo zamagetsi kamene kanali kakugwa, bambo wa ana 4, wozolowera kuyendetsa bwato pa masiku opuma okha. Anakongola ndalama zomangira bwato, naika nyumba ndi bizinesi yake pachikole, mwa pangano lakuti akalephera msanga adzabweza zonse. Ananyamuka pa 31 Okutobala 1968, tsiku lomaliza lololedwa, bwato lisanathe kukonzedwa. Patangopita milungu yochepa anadziwa kuti likuchucha ndipo silingapirire nyanja za kumwera. Kupitirira kunali kufa. Kubwerera kunali umphawi ndi manyazi. Anasankha njira yachitatu. Anayamba kutumiza mauthenga abodza onena kuti ali patali, pamene ankangozungulirazungulira m'nyanja ya Atlantic, akulemba mabuku awiri a ulendo, lina loona, lina lonama. Bodzalo linakula mpaka linamkulira iye mwini, maganizo ake nasokonezeka. Pa 10 Julaye 1969 bwato lake linapezeka likuyandama lopanda munthu. Mwa anthu 9 aja anamaliza mmodzi yekha, Robin Knox-Johnston, mmalinyero wa zaka zambiri pa ntchitoyo, amene anatha masiku 312 pamadzi. Ndipo mphotho yake ya mapaundi 5,000 anaipereka kwa banja la Crowhurst.

Tikawaika pamodzi anthu awiri oyamba aja, tiona kuti loto lao linali limodzi, ndipo onse ananyamuka asanakonzeke. Kunena zoona, wosadziwa matanga kwambiri anali Blyth. Chimene chinawasiyanitsa ndi ichi: pamene nyanja inawauza zoona, wina anavomera, wina anakana. Blyth anataya mpikisano nasunga loto lake ndi moyo wake. Crowhurst anafuna kusunga dzina, nataya zonse. Sitinena izi pomuweruza, pakuti ndani mwa ife sanalembepo mabuku awiri, lina la mumtima, lina loonetsa anthu? Tingoti muyeso wa loto suli pa kukula kwake. Loto labwino ndi limene limalola kudzudzulidwa ndi zoona: limapirira mphunzitsi, limapirira kuchedwa, limapirira kubwerera kudoko anthu akuona. Loto lodzikuza limafuna Karonga koma limanyansidwa ndi mfundo za chingwe, chifukwa chimene likufuna kwenikweni ndi kuomberedwa m'manja.

Pali chinanso chimene nkhaniyi ikutiloza ife oonerera. Crowhurst sanadzitsekere yekha njira yobwerera. Panali ngongole, panali atolankhani, panali anthu a m'tauni imene ananyamukira amene ankayembekeza ngwazi. Kangati ife timachita zomwezo kwa ana athu? Timamtumiza mwana ku sukulu yapamwamba kapena ku Johannesburg ndi nthungululu, titalengeza mudzi wonse kuti watiombola, ndipo zikamvuta amaopa kubwera, nayamba kutuma mauthenga okoma ali m'masautso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mnansi weniweni amachita chinanso: amasiya khomo lotsekula kuti wolephera abwerere osaweramitsa mutu.

Wina angatitsutse nati: "Mukatero palibe amene adzanyamuke, pakuti palibe amene amakonzeka kotheratu." Mau amenewa ali ndi zoona. Kuyembekeza tsiku limene mantha onse adzathe ndi njira ina yokanira ulendo, ndipo alipo okalamba ambiri amene akali kunola nkhwangwa mtengo osaudula. Nzeru sizitiuza kuti tidikire. Zimatiuza kuti tiyambe lero pamlingo umene kulakwa kwake sikupha. Pakati pa kukhala pamtunda ndi kuloza ku Karonga pali masitepe zana, ndipo sitepe lirilonse liri kale kuyenda pamadzi. Tikumbukirenso kuti moyo umene woyamba amauika pachiswe suli wake yekha. Akasowa, asodzi ndi amene adzasiya makoka ao nalowa m'mafunde kukamfuna, ndipo mayi wake ndi amene adzakhala pagombe. Ufulu wolota ulipo, koma ufulu wolipiritsa ena mtengo wa kusakonzeka kwathu palibe.

Tsono mnyamata uja tinamuyankha motere. Loto lako lisunge, usachite nalo manyazi, pakuti mtima wosalakalaka kanthu suli wofatsa koma wogona. Koma tchuti chikubwerachi upite kunyanja ukaphunzire kusambira. Ukakhale pansi ndi asodzi achikulire, uwapatse ulemu wao, uwafunse mmene amadziwira kuti mwera wayandikira, pakuti safunsa anadya phula. Upeze mwini bwato amene angakulole kukoka zingwe ndi kukapa madzi, ndipo usanyansidwe akakukalipira. Ulendo wako woyamba ukhale wochoka ku Senga Bay kukafika pa chilumba cha Namalenje, chimene chimaoneka uli pamchenga, ndi kubwerako dzuwa likadalipo. Ndipo usalengeze tsiku lonyamukira ku Karonga, kuopa kuti tsikulo lingadzakulamulire koposa mphepo.

Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti zonsezi zingatenge zaka zingati. Tinamuuza kuti mwina zitatu, mwina zisanu, ndipo mwina pa zaka zimenezo adzapeza kuti chimene ankachifuna sichinali Karonga ai, koma kukhala munthu wodziwa kumvera mphepo. Sanakondwe nalo kwenikweni yankholo. Koma mwezi watha tinalandira uthenga wake wa mizere iwiri: akuti tsopano akutha kusambira mamita 200 osapuma, ndipo m'manja mwake mwatuluka matuza a chingwe.