Nyumba ya lendi ndi amanah



Ambiri mwa ife tikusaka nyumba za lendi, ena kuno ku Chintheche, ena ku Luwinga kufupi ndi Mzuni. Timafunsa mtengo, magetsi ndi netiweki. Koma kodi timakumbukira kuti pamenepa palinso deen?

Ku madrasa tinaphunzira kuti kuchita lendi ndi ijara: umalipira kugwiritsa ntchito chinthu, koma chinthucho chikadali cha mwini wake. Surat Al-Ma'idah imayamba ndi lamulo losunga mapangano, ndipo ayah yaitali kwambiri mu Qur'an, Al-Baqarah 282, ikukamba zolemba ngongole ndi kuika mboni. Nanga ife tikuperekeranji adivansi ya miyezi itatu kwa dobadoba popanda kapepala?

Musanapereke ndalama, kumanani ndi eni nyumba enieniwo. Funsani poyera: nyanja itasefukira mu 2024, madzi anafika pano? Denga limadontha? Chimbudzi chikadzadza akonza ndani? Mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya madzi tigawana bwanji? Notisi ndi ya masiku angati? Zonsezi zilembedwe, mboni zisaine. Mukalipira, tengani lisiti kapena sungani uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Si kukayikira munthu ayi, ndi kuteteza ubale.

Inunso alandilodi, Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) analetsa mwamphamvu kubisa chilema cha malonda. Kupaka laimu pakhoma lonyowa kuti mlendi asaone ndi chinyengo. Kumuzulira chitseko mlendi amene wachedwa sabata imodzi ndi nkhanza. Komanso nyumba mukaichititsa lendi, simungalowemo osaodira.

Koma abale, nafenso tidziyang'ane. Ndimamva chisoni ndikamva kuti wina wathawa usiku ndi katundu pa kabaza, wasiya ngongole ya miyezi iwiri, pomwe tsiku lililonse amamuona akupita ku mzikiti. Mayi amene anamanga timazipinda ndi ndalama ya usipa, lendi yanuyo ndiye fizi ya mwana wawo. Adzatsegulanso chitseko kwa Msilamu wina?

Zikavuta, pitani mukawauze tsiku lisanakwane. Mukaswa galasi, bwezani. Potuluka, sesani ndipo makiyi muwapereke pamanja. Allah amakhululuka zomwe tamulakwira Iye, koma haki ya munthu imadikira mpaka mwini wake ailandire kapena akhululuke, pano kapena pa Qiyamah.

Allah atipatse malo okhala a mtendere ndi rizq ya halali. Ameen.