Makina akalakwitsa, tikagogoda khomo la yani?

M'chaka cha 2019 nthambi ya boma yoona za Chisilamu ku Dubai inakhazikitsa makina a AI oti aziyankha mafunso okhudza swala. Mu Novembala 2022 kunabwera ChatGPT, ndipo lero mnyamata wa kuno kwa Chiwalo, bola ali ndi foni ndi bandulo, angathe kufunsa makina zimene agogo ake ankapalasira njinga kukafunsa kwa shehe.

Abale athu Achisilamu ali ndi mwambo wakale umene ungatiunikire. Mawu oti ananena ndi Mtumiki Muhammad sankalandiridwa chisawawa. Akatswiri monga Imam al-Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, ankayamba afufuza: wanena izi ndani, iyeyo anamva kwa yani, nanga anali munthu woona mtima? Mndandanda wa maina umenewu amautcha isnad. Mawu ankayenda ndi dzina la munthu, ndipo mwini dzina akanama, mlandu unali wake. Imam Malik wa ku Madina amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa sankachita manyazi kuvomera pamene sakudziwa.

Makina alibe isnad. Amalumikiza mawu potengera zolembedwa zimene anawaphunzitsa nazo, zambiri mwa izo za m'Chingerezi, ndipo nthawi zina amapeka ndime imene kulibe, n'kuinena mosadodoma.

Tiganizire mayi wamasiye wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amene akufunsa za kagawidwe ka chuma cha malemu amuna awo. Chisilamu chili ndi magawo ake, boma lili ndi lamulo lake la 2011, pomwe mwambo wa chikamwini ukuti munda ndi wa mbumba. Shehe wa pamudzi amamudziwa mwinimbumba, amawadziwa anawo, ndipo mawa adzakhala nawo pamphasa imodzi pamaliro. Akalakwitsa, anthu amadziwa khomo lokagogoda. Makina akalakwitsa, abale n'kusiya kuyankhulana, tikagogoda kuti?

Sitikuti titaye mafoni ayi. Mwana wa ku madrasa angathandizike kumva tanthauzo la mawu a Chiarabu, n'kukawatsimikiza kwa mwalimu wake. Koma ife tikuona kuti mlanduwo suthera m'malere. Umagwera amene watenga yankho n'kulitumiza pa WhatsApp osafufuza, ndipo pamenepa sitikunena Asilamu okha. Sabata ino ife tomwe tatumizira anzathu mawu angati osadziwa amene anawanena?